Mtengo wa mapichesi wotalika sautsitsa tsiku limodzi

ULÓNGUÈ — Chimanga chalowa m'nkhokwe, mwera wayamba kuomba, ndipo mitengo ya mapichesi yayoyola masamba kuyambira ku Dómuè mpaka ku Tsangano. Masamba akachoka, mtengo subisa kanthu. Pamakomo ambiri m'midzi ya m'malire muno, chooneka n'chimodzimodzi: thunthu lalitali lopanda kanthu, nthambi zouma zopingasana m'kati, ndi timphukira tochepa kunsonga kwenikweni, kumene dzanja la munthu silifika.

Mtengo wotere umabalabe, koma umabalira mbalame ndi mphepo. Zipatso zake zimakhala zazing'ono ngati masuku. Kuti zifike pansi, ana amakwera kapena kugwetsa ndi nsungwi, ndipo pichesi logwa pansi limachita bala. Pichesi labala silichedwa kuola m'dengu.

Mwini mtengo akatopa nawo, kawirikawiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Wina amangousiya, nati ndi mmene mitengo imakhalira. Wina amanola chikwanje n'kuudula pakati tsiku limodzi, kusiya chitsa chofika m'chifuwa. Woyambayo amataya zipatso pang'onopang'ono. Wachiwiriyo amataya zipatso za chaka chonse nthawi imodzi, ndipo nthawi zambiri amataya ndi mtengo womwe.

Njira yachitatu ilipo. Ndi kuutsitsa pang'onopang'ono, nyengo zitatu za chisanu zotsatizana, mtengowo ukubalabe. Njirayi siifuna ndalama. Imafuna sowo yakuthwa ndi munthu wodekha.

Ndalama ya kumapeto kwa chaka

Nkhani ya mapichesi si yaing'ono kuno. Zipatsozi zimapsa kumapeto kwa chaka, mvula yoyamba ili pafupi kapena itangogwa. Imeneyo ndi nthawi imene nkhokwe yayamba kutsika, pamene feteleza, mbewu ndi aganyu zonse zikufuna ndalama. Madengu amene amayi amasenza kupita nawo kumsika wa Ulónguè, ku Calómuè, ku Biriwiri kapena ku Lizulu ndiwo amagula mchere, sopo ndi ndiwo pamene kwina konse kwauma.

Pamsika wa m'mbali mwa msewu, wogula wa pagalimoto saima nthawi yaitali. Amaloza mulu wa mapichesi akuluakulu, ofiira, opanda bala. Mulu wa ting'onoting'ono umatsala mpaka dzuwa kupendeka, n'kugulitsidwa motaya, kaya ndi meticais kaya ndi makwacha. Kusiyana kwa milu iwiriyi sikuyambira pamsika. Kumayambira pakhomo, mwezi wa Juni.

Pichesi si mtengo wa makolo. Kwawo kwenikweni ndi ku China, ndipo kuno unafika nthawi ya atsamunda. Unakhazikika chifukwa cha kuzizira kwa mapiri ano. Mtengowu umafuna kugona m'chisanu kuti uchite maluwa bwino. N'chifukwa chake umabala ku Angónia ndi ku Tsangano, ku Dedza ndi ku Ntcheu, koma osati kuchigwa kotentha kumene kuli mzinda wa Tete.

Akuluakulu a m'midzi muno mtengo wotayidwa amaudziwa bwino. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo inathamangitsa anthu ambiri a boma lino kuwolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera. Pamabwinja ambiri nyumba zinali zitagwa. Choloza pamene panali khomo chinali mitengo ya zipatso, itatalika ndi kuwirira chifukwa cha zaka zopanda woisamala. Nkhondo inatha kalekale, koma mitengo yooneka chimodzimodzi idakalipo. Lero chifukwa chake n'chakuti siitheneredwa.

Chifukwa chake zipatso zimathawira kumwamba

Amene akufuna kuthenera pichesi ayenera kudziwa chinthu chimodzi choyamba. Mtengowu umabala pa mphukira zimene zinamera chaka chatha basi. Nthambi imene yabala chaka chino, pamalo omwewo siidzabalanso. Kuti ubale chaka chamawa, mtengo uyenera kutulutsa mphukira zatsopano chaka chino.

Mphukira zatsopano zimamera pamene pakuwala dzuwa. Mtengo ukasiyidwa, nthambi zapamwamba zimaphimba zapansi. Zapansi zimafooka n'kuuma. Chaka chilichonse mphukira zimatulukira kunsonga, ndipo zipatso zimazitsatira. Pakapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mtengo wonse wasamukira kumwamba, pansi patsala mizati yokha.

Mphukira yobala n'njosavuta kuizindikira mu Juni. Imakhala yofiirira, yosalala, kunenepa kwake ngati pensulo, kutalika kwake masentimita 30 mpaka 45, kapena kuti kuchokera pachigongono kufika kuzala. Pa mphukirayo pamakhala maso a mitundu iwiri. Diso lonenepa, lozungulira, ndi la duwa. Diso lowonda, losongoka, ndi la masamba. Nthawi zambiri maso awiri a maluwa amakhala mbali ndi mbali, la masamba lili pakati. Nthambi yotuwa, ya khungwa lokhakhala, ndi yakale, ndipo maso a maluwa ilibe.

Chachiwiri choyenera kudziwa ndi ichi: pichesi silifanana ndi bulugamu. Bulugamu akadulidwa patsinde amaphuka mwamphamvu. Pichesi lokalamba siliphuka msanga pa thunthu lakale, ndipo nthawi zina siliphuka n'komwe. Apa ndi pamene chikwanje chimapha. Wodula pakati amachotsa mphukira zonse zobala, n'kusiya bala lalikulu lophwanyika limene madzi ndi chiswe zimalowerapo. Chitsa chikapanda kuphuka, chimauma kuyambira pamwamba. Chikaphuka, chimatulutsa zikoti zambirimbiri zoongoka, zothinana, zogwira pakhungwa pokha, zimene mphepo imathyola zikangolemedwa ndi zipatso.

Nthawi yake

Nthawi yothenera ndi pamene mtengo wagona. Kuno ndi mu Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi, masamba atayoyoka koma maluwa asanamasule. Malo amasiyana kuzizira, choncho mlimi asadalire kalendala yokha. Ayang'ane maso a pa mphukira. Akayamba kutupa ndi kuonetsa kufiira kunsonga, nthawi yatsala pang'ono kutha. Mitengo ina siyoyola masamba onse. Zimenezo zisaletse ntchito ngati mtengowo waleka kukula.

Tsiku lothenera likhale louma, la dzuwa. Tsiku la nkhungu ndi mvula yowaza si labwino, chifukwa matenda amalowa mosavuta pa bala lonyowa, ndiponso khungwa lonyowa limaterera. M'dzinja, mvula ikugwa, nthambi zikuluzikulu zisadulidwe.

Zida

Zida zofunika n'zochepa: sowo ya mano akuthwa yodulira nthambi zazikulu, ndi sizasi ya mitengo kapena mpeni wakuthwa wodulira zazing'ono. Pamene palibe sowo, ndi bwino kubwereka kwa kalipentala kapena kusonkherana mabanja angapo kusiyana ndi kugwiritsa nkhwangwa. Chikwanje ndi nkhwangwa zimang'amba mtengo, ndipo bala long'ambika silipola. Chikwanje ntchito yake ndi kuduladula nthambi zimene zagwa kale pansi.

Chida chimene chadula nthambi yodwala chimatenga matenda n'kukawasiya pa mtengo wina. Mankhwala ake ndi Jik: kapu imodzi ya Jik ku makapu asanu ndi anayi a madzi. Sowo ndi mpeni zipukutidwe ndi madzi amenewa pochoka pa mtengo wina kupita pa wina. Ntchito ikatha zitsukidwe ndi madzi wamba, ziume, n'kupakidwa mafuta pang'ono kuti zisachite dzimbiri.

Chaka choyamba: kuyeretsa ndi kutsegula

Asanadule kanthu, mlimi azungulire mtengo kawiri kapena katatu. Afunefune nthambi zitatu kapena zinayi zamphamvu, zamoyo, zoloza mbali zosiyana, zotambalala kunja osati zoimirira. Zimenezi ndizo zidzakhale mizati ya mtengo. Azimange kachingwe kapena luzi kuti asazidule molakwitsa. Mtengo wofunika pamapeto ndi wooneka ngati dengu: m'mbali muli nthambi, pakati pali potseguka kuti dzuwa ndi mphepo zilowe.

Kenaka ayambe ndi zosavuta. Choyamba achotse nthambi zonse zouma. Kuti adziwe yamoyo, akande khungwa pang'ono ndi chikhadabo: m'kati mukakhala mobiriwira ili moyo, mukakhala mofiirira ndi mouma yafa. Chachiwiri achotse zodwala, zimene zili ndi zilonda zakuda zotuluka utomoni wambiri, ndipo adule mpaka pamene mtengo ukuoneka woyera m'kati. Chachitatu achotse mphukira zomera patsinde ndi pamizu. Pa mtengo womezanitsa, mphukira zotuluka pansi pa mfundo yomezanitsira si za mtundu wabwino uja, ndipo zikasiyidwa zimalanda mtengo wonse. Chachinayi, pa nthambi ziwiri zokhudzana ndi kupekesana, imodzi ichoke.

Zikatha izi, ndiye kutsitsa. Chaka choyamba mlimi asankhe nthambi imodzi kapena ziwiri zazitali kwambiri, makamaka zoimirira pakati pa mtengo. Lamulo lake ndi ili: nthambi yaitali isadulidwe pamalo opanda kanthu. Idulidwe pamwamba penipeni pa nthambi ina yam'mbali, yamoyo, yoloza kunja. Yam'mbaliyo ikhale yonenepa ndithu, osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a imene ikudulidwa. Ikatero imalandira madzi ndi chakudya zimene zinkapita kumwamba, ndipo bala limapola msanga. Ikapanda kupezeka yotere, ndi bwino kuchotsa nthambi yonseyo pamphanda pamene inayambira.

Muyeso wa chaka chimodzi ndi uwu: pa nthambi zamoyo, zochotsedwa zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu. Zouma siziwerengedwa. Mlimi aziunjika zodula pamalo amodzi, aziima kaye, n'kuyerekeza mulu ndi zimene zatsala mumtengo. Akakayika, aleke. Nthambi yotsala idzadulidwa chaka chamawa, koma yodulidwa siibwerera.

Chaka chimenechi zipatso zidzachepako, koma sizidzasowa, chifukwa mphukira zobala zambiri zatsala.

Nthambi yaikulu imadulidwa katatu

Nthambi yonenepa kuposa dzanja la munthu ikadulidwa kamodzi kuchokera pamwamba, imathyoka isanathe kuduka, n'kusenda khungwa la thunthu mpaka pansi. Bala lotere likhoza kupha mbali yonse ya mtengo. Kupewa kwake ndi kudula katatu.

Koyamba, sowo ilowe kuchokera pansi pa nthambi, masentimita 30 kuchokera pa thunthu, ndipo ilekeze isanafike pakati. Kachiwiri, sowo ilowe kuchokera pamwamba, zala zitatu kunja kwa podula poyamba paja, mpaka nthambi igwe. Ikamathyoka, kung'ambika kumathera podula poyamba. Kachitatu, chitsa chotsalacho, chimene tsopano n'chopepuka, chichotsedwe bwinobwino.

Podula kachitatu ndiye pofunika maso. Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pamakhala potupa pang'ono, pa makwinya, ngati khosi. Potupapo ndi pamene pamachokera khungwa lotseka bala. Sowo idutse kunja kwake penipeni. Wodula mopalira thunthu amachotsa khosilo, ndipo bala limakula n'kuchedwa kutseka. Wosiya chitsa chachitali amasiya khomo la kuola.

Pa nthambi yoimirira, bala likhale lopendekeka pang'ono kuti madzi asakhalepo. Pa kamphukira kakang'ono, mpeni udutse pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja, chifukwa kumene diso layang'ana ndi kumene nthambi yatsopano idzalowere.

Ena amamata bala ndi dothi, ndowe kapena oyilo wakuda wa galimoto. Zimenezi sizithandiza. Dothi ndi ndowe zimasunga chinyezi, ndipo oyilo amaotcha khungwa lamoyo la m'mbali mwa bala. Bala lodulidwa bwino, tsiku louma, limapola lokha.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu

Dzuwa likalowa pakati, mphukira zatsopano zimayamba kuoneka m'munsi. Zina zimamera pafupi ndi mabala, zoongoka ngati mikondo, ndipo zimakula msanga. Zimenezi zikasiyidwa zonse, mtengo ubwerera kumwamba. Mu Novembala ndi Disembala, zikadali zanthete, mlimi azibudule ndi zala, kusiya imodzi kapena ziwiri zoloza kunja pamalo pamene pakusowa nthambi. Mphukira yabwino koma yoimirira ikhoza kuweramitsidwa pang'ono ndi chingwe chomangidwa pa chikhomo, kuti ikule motambalala.

Juni wachiwiri akafika, ntchito ndi yomweyo. Zouma zichoke. Nthambi zina zazitali zimene zinatsala zitsitsidwe, iliyonse pa nthambi yam'mbali, ndipo muyeso wa gawo limodzi mwa magawo atatu usaiwalike. Mphukira zam'munsi zisungidwe ngati mbewu, chifukwa ndizo zidzabale pamene dzanja likufika.

Juni wachitatu ndi womaliza kutsitsa. Mtengo ufike pa mamita awiri ndi theka kapena atatu, pamene munthu wamkulu akhoza kuthyola ataima pansi kapena pa kampando. Kuyambira pamenepo ntchito imapepuka, koma siitha. Chaka chilichonse mu Juni zichoke nthambi zimene zabala kale ndi zimene zikuloza m'kati kapena kumwamba. Pa mphukira zatsopano, pafupifupi theka zichotsedwe, kusiya zonenepa ngati pensulo, zotalikirana bwino. Mtengo umene unkatenga tsiku lonse umatha ndi ola limodzi.

Munthu adzisamale

Mtengo uli ndi mtengo wake, koma mwendo wa munthu ulibe msika. Nthambi ya pichesi lokalamba ikhoza kuoneka yolimba kunja pamene m'kati yaola. Wothenera asaponde nthambi youma, ndipo asadule nthambi imene wapondapo, watsamirapo kapena wayedzekapo makwerero.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Wina ali pamwamba, wina agwire makwerero ndi kuyang'anira pansi. Makwerero aime pa nthaka yolimba ndipo amangidwe ku thunthu. Nthambi yolemera imangidwe chingwe isanadulidwe kuti itsitsidwe pang'onopang'ono, makamaka ngati ili pamwamba pa denga, nkhokwe kapena khola. Ana ndi ziweto zikhale patali. Mwana asatumidwe kukwera ndi chikwanje chifukwa choti ndi wopepuka.

Asanakwere, munthu ayang'ane bwino ngati mulibe mavu, njuchi kapena njoka. Tsiku la mphepo yamphamvu ntchito idikire. Amene wamwa mowa asakwere. Kumene kwafika magetsi, nthambi yoyandikira mawaya isakhudzidwe n'komwe. Nkhani imeneyo ipite kwa a magetsi a EDM.

Wodzicheka atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, alimange ndi nsalu yoyera. Bala likakhala lakuya, kapena lalowa dothi, apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Wogwa mumtengo amene akumva kuwawa khosi kapena msana asamudzutse kapena kumukhazika panjinga. Amugoneke pa chitseko kapena pa thabwa, mutu ndi thupi zisapindike, n'kumunyamula chotero.

Pali ngozi inanso imene ambiri saidziwa. Masamba a pichesi akafota amatulutsa poizoni woti akhoza kupha mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zikadya ambiri. Mu Juni masamba amakhala ochepa, koma mphukira zobudulidwa m'dzinja zimakhala ndi masamba ambiri anthete. Zimenezi zisaponyedwe m'khola kapena kusiyidwa panjira ya ziweto. Zikwiriridwe.

Nthambi zabwino zikauma ndi nkhuni. Zodwala zitenthedwe, koma patali ndi mtengo, ndipo pozungulira palambulidwe, chifukwa mu Julayi udzu wauma ndipo moto suchedwa kulowa m'munda wa mnansi.

Kusamala mtengo wotheneredwa

Nthambi imene yakhala zaka mumthunzi ikakumana ndi dzuwa la Seputembala ndi Okutobala, khungwa lake limapsa n'kung'ambika. Kuteteza kwake ndi njereza yosungunula m'madzi, yomwe ija yopaka nyumba. Ipakidwe pa thunthu ndi pamsana pa nthambi zazikulu zimene zatsala pambalambanda. Timphukira ting'onoting'ono tomera pamsana pa nthambi tisachotsedwe tonse, chifukwa timapereka mthunzi.

Manyowa owola bwino athiridwe mozungulira, pansi pa nsonga za nthambi, pamene pali mizu yodyera, osati kuunjika patsinde. Mtengo wodulidwa kwambiri usapatsidwe feteleza wambiri wobereketsa chimanga, chifukwa umangotulutsa zikoti ndi masamba. Kuyambira pamene maluwa amasula mpaka mvula itagwa, kuno kumakhala kouma, ndipo zipatso zimakula nthawi yomweyo. Amene ali pafupi ndi chitsime kapena dimba athirire ndowa zingapo pamlungu, n'kuphimbira ndi udzu. Udzuwo usakhudze thunthu, kuopa chiswe. Nthawi ino mbuzi zimayenda momasuka ndipo zimasenda khungwa, choncho thunthu litchingidwe ndi minga kapena bango.

Ntchito yomaliza ndi imene imawawa mtima: kupatulira zipatso. Pichesi limagwira zipatso zambiri kuposa zimene lingakulitse. Zikafika ngati dzira la njiwa, mlimi achotse zina, kusiya chimodzi pa masentimita 15 mpaka 20 alionse, kapena kuti mlingo wa dzanja lotambasula. Zoyamba kuchoka ndi zopunduka, zolumidwa ndi zophatikizana. Monga chimanga chosapatulira chimabala tizitsononkho tating'ono, pichesi losapatulira limabala timapichesi ta nthanga yokha, ndipo nthambi zimathyoka.

Zipatso zogwa pansi zitoledwe kawiri kapena katatu pamlungu n'kukwiriridwa m'dzenje lakuya theka la mita. Mphutsi zopezeka m'mapichesi zimachokera ku ntchentche ya zipatso. Mphutsiyo imatuluka m'chipatso chogwa, n'kulowa m'dothi, n'kudzatuluka ili ntchentche yoikira mazira pa zipatso zina. Mudzi wonse ukamatola, vutoli limachepa. Khomo limodzi lokha silingathe.

Mitengo ina, malamulo ena

Njira ya pichesi isatengedwe yonse kupita nayo pa mitengo ina. Maapozi ndi mapulamu amatheneredwanso m'chisanu, ndipo nawonso amatsitsidwa pang'onopang'ono. Koma apozi amabala kwambiri pa timphanda tatifupi, tokhakhala, timene timakhala pa nthambi zakale ndipo timabala zaka zambiri. Wochotsa timphandato poganiza kuti n'touma wachotsa zipatso. Malalanje ndi mandimu sagona m'chisanu ndipo safuna kudulidwa kwambiri. Kwa iwo n'kokwanira kuchotsa zouma, zokwawa pansi ndi mphukira za patsinde. Mpanda wa mkungudza ukadulidwa mpaka pamene palibe masamba obiriwira, pamenepo sudzaphukanso.

Mtengo umene nthawi yake yatha

Si mtengo uliwonse umene ungapulumuke. Pichesi silikhala zaka zambiri ngati mango. Likapitirira zaka 15 mpaka 20, mphamvu zake zimatsika. Ngati thunthu lili ndi mphako, khungwa lasendeka kuposa theka kuzungulira, utomoni ukutuluka ponseponse, ndipo m'munsi mulibe nthambi yamoyo yoti n'kudulirapo, zaka zitatu za ntchito sizidzabweza kanthu.

Wanzeru amabzala wina chaka chomwecho chimene wayamba kutsitsa wakale, mamita anayi kapena asanu kuchokera pa wakaleyo. Wakale akabala zipatso zokoma, timitengo take ta mu Juni tikhoza kumezanitsidwa pa mbande zomera ku nthanga, ndipo mtunduwo supita. Mbande ya ku nthanga yokha siitsimikiza kubala ngati mayi wake.

Kwa mtengo watsopano, m'mera m'poyamba. Ukafika m'chiuno mwa munthu, nyengo ya chisanu udulidwe nsonga pa masentimita 60 mpaka 70 kuchokera pansi. Pa mphukira zotuluka, zisankhidwe zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, zina zonse zichoke. Mtengo woyamba chotere sufunanso makwerero moyo wake wonse.

Amene akufuna kuona ndi maso kadulidwe ndi kamezanitsidwe afunse mlangizi wa zaulimi wa dera lake, kapena ku ofesi ya SDAE ku Ulónguè ndi ku Tsangano. Ndi bwino mabanja angapo kugwirizana, kuitana mlangizi kamodzi, n'kuphunzirira pa mtengo umodzi. Amene ali ndi mitengo yambiri ndipo akukayika ayambe ndi umodzi chaka chino, winawo ausiye mmene ulili. Mu Disembala aike madengu awiri pamodzi, aone yekha.

Maso a maluwa akangotupa, nthawi yapita mpaka chaka chamawa. Sowo inoledwe mlungu uno.